Mafunso ndi mayankho: sitiresi ya achinyamata kuno kwathu ku Chipata

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera tikakhala pansi ndi ana asukulu, ena ndi a makolo amene amatitengera pambali msonkhano ukatha. Ndawasiya mmene amafunsidwira. Poyankha mwana ndikuti iwe, poyankha akuluakulu ndikuti inu, ndiye musati ndasowa ulemu.

Mwana wa zaka 15 angakhale ndi sitiresi ya chani poti sagula unga, salipira lendi?

Ili ndiye funso la makolo nambala wani, ndipo ambiri amafunsa akuseka. Koma tatsatani tsiku limodzi chabe la mtsikana wa giredi 11 wokhala ku Mchini olo ku Navutika. Wadzuka kusanache kukaima pamzere wa madzi, wasesa, wasambitsa mng'ono wake, wayenda wapansi mpaka kusukulu m'mimba mulibe kanthu, kalasi yodzaza moti wakumbuyo saona zapabolodi, akaweruka athamangire ku Kapata kukalandira amai pa tebulo la tomato, madzulo aphike nsima atsuke mbale, ndiye pomwe akuti atsegule buku malaiti apita. Awerenge ndi tochi ya foni ya alongo ake yomwenso batire yake ili pafupi kuzima. Pamwamba pa zonsezo atate amuuze kuti "ukafeluka usadzaonetse nkhope yako pano."

Thupi silifunsa kuti uli ndi zaka 15 kapena 50. Ubongo ukaona choopsa umatuma thupi kutulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umagunda msanga, mpweya umafupika, m'mimba mumabwadamuka, khosi ndi mapewa zimauma. Zimenezi nzothandiza ukakumana ndi galu wolusa panjira, pakapita mphindi zingapo zatha. Koma mayeso, njala yapakhomo ndi makolo okangana usiku uliwonse sizitha pa mphindi zingapo, ndiye thupi limangokhala tcheru miyezi ndi miyezi mpaka kutopa. Bungwe la zaumoyo la WHO limati padziko lonse, mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo. Werengani ana a mkalasi ya mwana wanu muone kuti ndi angati amenewo.

Inde sukulu za boma zinakhala zaulere kuyambira Januwale 2022 ndipo zinathandiza zedi, koma yunifomu, nsapato ndi ma tuition sizinakhale zaulere. Mukamadandaula za ndalamazo mwana amamva, samayankha chabe. Chilala cha 2024 chija ana ambiri anachisenza mwakachetechete, kumaona amai akuchepetsa unga m'poto.

Ndidziwa bwanji kuti ndi sitiresi osati malungo?

Yamba wapimitsa. Kuno kwathu mutu ukamawawa ndi thupi kuphwanya, makamaka nthawi ya mvula, sitiyamba ndi kuganizira za maganizo ayi, pita ku kiliniki akakubaye chala. Akakuuza kuti malungo mulibe koma mutu ukungobwera sabata iliyonse, tulo sitibwera kapena ukungofuna kugona tsiku lonse, chakudya sichikoma, ukupsa mtima ndi tinthu tating'ono, m'mimba mumapota tsiku la mayeso lokha, zinthu zomwe unkazikonda monga mpira olo kwaya zakukola, apo ndiye tiyambe kukamba za zomwe zili mumtima. Zikapitirira masabata awiri osasintha, bwerera kuchipatala ukanene zonsezo osati mutu wokha, chifukwa ukangoti mutu akupatsa Panadol nkukubweza.

Ndili giredi 12, ndimawerenga mpaka 03 koma mmawa palibe chomwe ndikukumbukira. Kodi ndine mbuli?

Sindiwe mbuli, uli ndi tulo. Munthu wa msinkhu wako amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo ndi mtulo momwe ubongo umalongedza zomwe waphunzira masana kuti zikhazikike. Ndiye zija zoika mapazi m'beseni la madzi ozizira, kumwa khofi wowawa ndi ma energy drink kuti ufike mbandakucha, zimakupatsa maola ambiri oyang'ana buku koma zolowa m'mutu zochepa. Mmawa mwake uli mkalasi ukusinza, aphunzitsi akufotokoza chinthu chomwe chidzabwere pa pepala.

China nchoti ambiri sakuwerenga, akungoyang'ana notsi. Kuwerenga tsamba kasanu kumakunamiza kuti ukudziwa chifukwa mawuwo wawazolowera. Tseka kope, tenga pepala, lemba zonse zomwe ukukumbukira pa mutuwo, kenako tsegula uone zomwe wasiya. Zimawawa, koma ndi zomwe zimagwira. Ma past paper a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso, achite utatchera nthawi ngati mayeso enieni. Pezani gulu la anthu atatu olo anayi, aliyense aphunzitse anzake mutu umodzi, gulu likaposa apo limasanduka la miseche.

Ndipo mayeso a giredi 12 amagwa m'nyengo yotentha ija ya Okutobala ndi Novembala, malata akuwotcha, ndiye zovuta ngati masamu ndi sayansi uziwerenge mmamawa kukadali kozizira ndi kowala, malaiti akhalepo asakhalepo.

Mnzanga akuti ali ndi leakage, tisonkhe ndalama. Aliyense akusonkha, ine ndekha ndikane?

Kana. Ambiri mwa mapepala a mayeso oyenda pa WhatsApp amenewo ndi abodza, wina wangotenga pepala lakale nkusintha chaka, iwe utaya ndalama ya amai ndi usiku womaliza kuloweza mayankho a mafunso omwe sabwera. Olo likhale lenileni, ECZ ikakugwira imafafaniza zotsatira zako, zaka zonse zija zapita. Ndipo taona mmene amakugulitsira, nthawi zonse ndi "tuma manje manje, pofika 22 tatseka." Munthu akamakufulumizitsa choncho ndiye kuti sakufuna uganize.

Ndafeluka. Kunyumba sakundikambitsa, anzanga onse akuposta ma results. Basi zanga zathera pompa?

Sabata yoyamba ija imawawa, lira ngati ukufuna, ndipo Facebook uyisiye kaye chifukwa amene amaposta ndi okhoza okha, ena onse ali chete ngati iwe. Ukapuma, khala pansi ndi ma results akowo uone bwinobwino. Nthawi zambiri si zonse zomwe zagwa, ndi masamu olo English olo sayansi chabe, ndipo zimenezo umatha kulembanso pa GCE, mayeso olembedwa ndi anthu amene sali pasukulu. Anthu ambiri omwe ukuwaona ali manesi ndi aphunzitsi lero anadutsa njira yomweyo, sanena chabe.

Palinso za ntchito zamanja. Chipata Trades ilipo pompano, maphunziro a TEVETA monga zamagetsi, zomangamanga, zamagalimoto ndi kusoka, ndipo ndalama za CDF, zija za chitukuko cha constituency, zili ndi gawo la ma bursary a maphunziro otere komanso a ana a boarding ochokera m'mabanja ovutika. Mafomu amadzera ku komiti ya wadi yanu ndi ku khonsolo, kafunse wekha usadikire kuti wina adzakubweretsera pakhomo. Ine maganizo anga ndi oti tinalakwitsa kuphunzitsa ana kuti amene sanapite ku yunivesite ya UNZA olo CBU ndiye walephera moyo, pomwe munthu wodziwa kuika ma solar masiku ano foni yake siyikhala chete.

Chifukwa chani ndimachita zinthu zomwe ndikudziwa kuti nzolakwika, mawa lake nkumadzida?

Mbali ya ubongo yomwe ili kuseri kwa chipumi, yomwe imati dikira kaye, taganiza za mawa, imamaliza kukhwima mochedwa, cha m'ma zaka 25. Pomwe mbali yofuna zosangalatsa ndi kutamidwa ndi anzako imakhala itayamba kale mphamvu zonse kuyambira uli ndi zaka 12 olo 13. Zili ngati njinga yatsopano yotsika phiri mabuleki asanamangidwe bwino. Ndiye ukakhala pagulu, utatopa, uli ndi njala kapena utakwiya, zinthu zimathamanga kuposa mutu wako. Ichi si chifukwa chodzikhululukira, ndi chifukwa chokonzekera.

Ukayang'ana zomwe achinyamata amadzanong'oneza nazo bondo, zambiri zimachitika usiku, mothamanga, popanda wamkulu aliyense wodziwa. Ndiye chida chako chachikulu ndi kuchedwetsa. Chinthu chilichonse chachikulu, kusiya sukulu, kuthawira ku Lusaka, kuvomera chibwenzi, kubwezera amene wakutukwana pa gulu la WhatsApp, gona nacho usiku umodzi, idya, kenako uchiyang'anenso dzuwa lili pamutu. Dzifunse kuti kodi ndingawauze ambuya anga zimenezi osayang'ana pansi? Ngati yankho ndi ayi, pali kanthu.

Komanso khala ndi chonena chokonzeratu, chifukwa pagulu mutu sugwira. "Amai andituma." "Ndili pa mankhwala." "Mawa tili ndi game." Sufunika kulalikira anzako, ungofunika khomo lotulukira.

Mowa pang'ono olo chamba zimandikhazika mtima pansi. Vuto lili pati?

Vuto ndi loti zimagwiradi, kwa maola ochepa. Zikanakhala kuti sizigwira bwenzi palibe amene akumwa. Koma mowa umasokoneza tulo, ukasuluka nkhawa imabwerera yochuluka kuposa poyamba, ndiye umafunanso wina, ndipo thupi likazolowera botolo limodzi silikwananso. Chamba kwa munthu yemwe ubongo wake ukukulabe chimafooketsa kukumbukira, ndipo kwa ena, makamaka oyamba ali aang'ono ndi osuta tsiku ndi tsiku, chimatha kudzutsa matenda oti munthu amamva mawu kapena kuganiza kuti aliyense akumulondalonda. Mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine omwe anyamata amasakaniza mu drink nawo amagwira munthu moti kusiya kumakhala nkhondo. Boma linaletsa tujilijili, timapaketi ta mowa waukali, mu 2012 chifukwa cha zomwezi, ana amalowa nato mkalasi m'matumba, koma tonse tikudziwa kuti timabotolo totchipa ndi kachasu sizinathe m'makomboni.

Ngati wayamba kale ndipo ukulephera kusiya, usadikire kuti uzichita kunjenjemera mmawa. Kamba ndi guidance teacher, olo pita kuchipatala. A DEC, bungwe lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo, nawonso sikuti amangogwira anthu, ali ndi mbali ya uphungu.

Nanga kubetcha? Ndimangoika ma K2 chabe.

Aliyense anayamba ndi K2. Masewera aja, kaya ndi bonanza yapa shopu, kaya mpira wa ku England, kaya kandege kapafoni, anawerengetsa kale kuti pakapita nthawi mwini wake ndiye apambane. Chomwe chimakukola ndi kupambana kwa apo ndi apo, ndi kuja kwa "ndinatsala pang'ono, timu imodzi chabe ndiyo yandipha." Tsiku lomwe udzabetche kuti ubweze zomwe waluza, kapena kugwira ndalama yomwe anakutuma nayo kuchigayo, dziwa kuti si masewera ayi. Chotsa app, uza munthu mmodzi, ndalama zako akusungire wina. Ndipo lamulo silola osakwana zaka 18 kubetcha, nchifukwa chake ana amagwiritsa nambala za makolo, inu makolo muziyang'anako mauthenga a mobile money yanu.

Ndinamutumizira chithunzi chosavala, manje akuti ndikapanda kutumiza china olo ndalama achiposta. Ndichite bwanji?

Usatumize china, usalipire, chifukwa ukalipira kamodzi abweranso. Jambula ma screenshot a zoopseza zake zonse ndi nambala yake, usafufute, kenako mubloke. Ndiye chovuta kwambiri, uza wamkulu mmodzi amene umamukhulupirira, kaya ndi azakhali, kaya aphunzitsi, mupite limodzi ku Victim Support Unit ya polisi. Mphamvu yake yonse ili pa manyazi ako, akangodziwa kuti wanena amakhala alibe chogwira. Wolakwa pamaso pa lamulo ndi woopsezayo.

Pali bambo wina wandilonjeza foni ndi ndalama za tuition. Kunyumba zinthu sizili bwino. Ndivomere?

Sindikuweruza, ndikudziwa kuti njala ndi yeniyeni ndipo kuvala nsapato yong'ambika pakati pa anzako kumapweteka. Koma bambo ameneyo sakupereka, akugula, ndipo tsiku lomwe udzati tigwiritse kondomu olo lero sindikufuna, adzakukumbutsa za foni ija. Iye ali ndi banja lake kobwerera, mimba ndi matenda zidzatsala ndi iwe. Ngati uli wosakwana zaka 16, kugona nawe ndi mlandu wa defilement olo utavomera, ndipo chilango chake chimayambira zaka 15 kundende.

Ngati zachitika kale, kaya mokakamizidwa kaya ayi, thamangira kuchipatala usanaganize zambiri. Mankhwala oteteza HIV otchedwa PEP amayenera kuyambika pasanathe maola 72, mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi nawo amagwira bwino ukamwa msanga. Makiliniki ambiri ali ndi youth friendly corner komwe umakamba ndi achinyamata anzako ophunzitsidwa osati kuima pamzere umodzi ndi aneba.

Ndili ndi mimba, ndili giredi 10. Akuti ndingokwatiwa basi.

Sukulu yako sinathe. Kuyambira 1997 dziko lino lili ndi re-entry policy, mtsikana amapatsidwa tchuthi nkubwerera akachira, ndipo ngati ukuopa kusekedwa utha kupempha transifa. Pita ndi kholo olo azakhali kwa ahedi mukalembetse bwinobwino, usangosowa. Za ukwati, lamulo linasinthidwa mu 2023, ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi wosavomerezeka olo ukhale wamwambo wa kumudzi, ndipo mafumu ambiri kuno kum'mawa akhala akuthetsa maukwati otere nkubweza ana kusukulu. Yamba sikelo msanga, mimba ya mtsikana wamng'ono imafunika kuyang'aniridwa kwambiri, kubisa ndi kumanga mimba ndi chitenje ndiko koopsa. Mnyamata wopereka mimba nayenso amakhala akufa ndi mantha payekha, naye afunika wamkulu womukhazika pansi.

Mtima ukayamba kugunda, manja kunjenjemera, ndichite chani pompo?

Tulutsa mpweya pang'onopang'ono, motalika kuposa mmene waukokera. Koka ndi mphuno uwerenge mpaka 4, tulutsa ndi pakamwa mpaka 6 olo 8, bwereza kwa mphindi ziwiri. Kutulutsa motalika kumachedwetsa mtima, utha kuchita uli pa desiki mu holo ya mayeso osadziwa munthu. Samba kumaso ndi madzi ozizira ngati alipo.

Za tsiku ndi tsiku ndi zija zomwe zimamveka zopepuka mpaka anthu amazinyoza. Thupi liyende, WHO imati ana mpaka zaka 17 azipeza ola limodzi patsiku lochita zotulutsa thukuta, ndipo sizifuna jimu, mpira wapabwalo, netball, kupalasa njinga, kukwera Kanjala Loweruka ndi anzako nkukaona tauni yonse pansi. Idyako kanthu mmawa olo kandolo wadzulo. Foni igone kutali ndi mphasa. Lemba zomwe zikukuvuta papepala uzigawe pawiri, zomwe ungachitepo kanthu sabata ino ndi zomwe sizili m'manja mwako, ngati ukwati wa makolo ako. Zachiwirizo si katundu wako.

Kupemphera sikokwanira?

Pemphera, kwaya ndi gulu la achinyamata kutchalitchi zasunga ana ambiri. Koma ukadwala malungo umapemphera uku ukumwa Coartem, pano naponso chimodzimodzi. Ndipo munthu akakuuza kuti nkhawa yako ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chochepa, kapena kuti usiye mankhwala akuchipatala, kafunse kwina.

Ine ndine mwamuna, ndikakamba zimenezi andiseka.

Ena akusekadi, ndiye usauze gulu, uza mmodzi. Anyamata ambiri sitiresi yawo siituluka ngati misozi, imatuluka ngati ndewu, mowa, kuthamangitsa njinga yamoto pa Great East Road ngati ali ndi moyo wa spare. Ngati kukhala maso ndi maso kukuvuta, kambani mukuyenda olo mukukonza njinga, amalume amene samwa kwambiri ndi poyambira pabwino.

Mnzanga wandiuza kuti akufuna kufa, ati ndisauze munthu. Ndisunge chinsinsi?

Ichi chokha usasunge. Bola akwiye nawe. Usamuseke, usamuuze kuti ndi tchimo olo kuti akungofuna chidwi, mufunse mosabisa kuti kodi ukuganiza zodzipha, kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, ambiri amapepukidwa kuti wina wamva. Usamusiye yekha, ndipo uza wamkulu lero lomwe osati mawa. Imbani 116, ndi nambala yaulere ya Childline ya ana ndi achinyamata, ilinso 933 ya Lifeline. Ngati wamwa kale kanthu, musayambe zomumwetsa mkaka kapena kumusanzitsa, tengani botolo lake mumuthamangitse ku chipatala chapafupi, kuno mtauni ndi Chipata Central Hospital, a ku Katete ndi St Francis. Ngati woganiza zimenezi ndiwe amene ukuwerenga, zonsezi ndi zakonso, imba olo dzutsa munthu mnyumbamo.

Inu makolo a kumunda, mankhwala opopera thonje, fodya ndi tomato azikhala mokiyidwa, kiyi ali ndi inu. Maganizo otere nthawi zambiri amabwera mwamphamvu kwa kanthawi nkutsika, ndiye chinthu chikakhala patali mwana amapeza mpata wofika mmawa.

Mwana wanga wangosintha, sakamba, amangodzitsekera. Ndikamufunsa ati palibe. Ndimukwapule?

Chikwapu chimutseka pakamwa kwambiri, komanso Children's Code Act ya 2022 inaletsa kulanga mwana pomumenya. "Palibe" uja nthawi zambiri amatanthauza kuti sindikudziwa poyambira, olo ndikuopa zomwe muchite mukamva. Musamuitanire pabwalo pamaso pa abale onse ngati mlandu wa kwa amfumu. Mutengeni mupite naye kudimba, olo khalani naye mukutongola chimanga, nenani zomwe mwaona chabe, "ndaona sukudya bwino masiku ano, usiku ndimamva ukutembenuka," kenako khalani chete, ndipo apa ndiye pamavuta akuluakulufe chifukwa timathamangira "ife m'nthawi yathu." Zakumuyerekeza ndi mwana wa aneba zisiyeni.

Akakana kukamba ndi inu musakhumudwe, mwambo wathu unadziwa kale kuti zina mwana sauza amai ndi atate ake, nchifukwa chake kuli ambuya, azakhali, amalume ndi alangizi. Mufunseni yekha kuti ungamasuke kwa ndani, mumupatse ya transport apiteko. Pitaninso kusukulu mukaonane ndi guidance teacher mumve ngati magiredi atsika kapena pali omuvutitsa. Mukaona kuti wasiya kusamba, akuonda, akugawa zinthu zake zomwe amazikonda kapena akukamba zosamveka, musadikire tchuthi, pitani naye ku kiliniki sabata yomweyo mukafotokoze zonse mwaonazo, akaona kuti nkofunika akulemberani kalata yopita ku Central.